Plumpy'Nut ku Darfur: chiponde chimachiza, koma mwana amafunika katoni yathunthu

Plumpy'Nut ndi kapaketi ka magalamu 92, kofiira ndi koyera, komwe mkati mwake muli chiponde chokonzedwa kuti chikhale mankhwala a mwana wonyentchera kwambiri. Pano tikukaunika potengera mmene kakugwirira ntchito ku Sudan, makamaka m'chigawo cha Darfur, kumene nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi gulu la zankhondo la Rapid Support Forces (RSF), yomwe inabuka pa 15 Epulo 2023, yagwetsera anthu m'njala ya dzaoneni. Tineneretu kuti chipondechi chimachitadi zimene amachitamandira. Mwana amene wangotsala mafupa okhaokha, bola akutha kudya ndipo alibe matenda ena aakulu, thupi limabwerera. Koma ndi mankhwala ofunika kudya masabata 6 mpaka 8 osadukiza, ndipo kumalo a nkhondo chosowa kwambiri ndi msewu wotseguka masabata 8 otsatizana.

Zosakaniza zake n'zodziwika: mtedza wokazinga wopera, shuga, mafuta ophikira, mkaka wa ufa, mavitamini, ndi michere monga potaziyamu, maginiziyamu, zinki ndi ayironi. Paketi imodzi imapereka makalori 500, pafupifupi theka lake kuchokera ku mafuta. Malamulo a kapangidwe kake amati theka la mapuloteni, kapena kuposerapo, lichokere ku mkaka, ndipo mkakawo ndi umene umakweza mtengo. Anachikonza mu 1996 André Briend, dokotala wa za kadyedwe ka ana, ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset ku France. Masiku ano makampani ambiri amapanga chiponde cha mtundu womwewu, chomwe azaumoyo amachitchula kuti RUTF, ena ndi dzina lomweli, ena ndi mayina awoawo. Zambiri zimene tinene pano zikukhudza onsewo.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti mkatimo mulibe madzi. Chisanabwere, mwana wonyentchera kwambiri ankachizidwa ndi mkaka wa F-100, wofunika kusungunula ndi madzi owiritsa, kuuyeza bwino, ndi kumwetsa pasanathe maola ochepa ngati palibe firiji. Izi zinkatheka m'chipatala mokha, mayi n'kugona m'wodi pafupifupi mwezi wathunthu, ana ena atawasiya kunyumba. Chinyezi cha m'chiponde sichiposa 2.5 peresenti, ndiye tizilombo toyambitsa matenda sititha kuswana. Sichifuna nkhuni, mphika, firiji, kapena namwino woima pambali. Kwa mayi wa mumsasa wa othawa nkhondo, amene kupita kunkhuni kunja kwa msasa kungamugwetsere m'manja mwa anthu amfuti, kusafuna moto kokhako n'chinthu chachikulu. Mu 2005, pa njala ya ku Niger, bungwe la madokotala opanda malire la MSF linathandiza ana oposa 60,000 ndi njira imeneyi, ambiri akudyera kwawo. Mu 2007 WHO, WFP, UNICEF ndi komiti ya United Nations yoona za kadyedwe anaivomereza kuti ikhale njira yokhazikika.

Si mwana aliyense wanjala amene ayenera kulandira. Chipondechi ndi cha ana a miyezi 6 mpaka 59 amene afika ponyentchera kwambiri, ndipo pomwe palibe sikelo ndi thabwa loyezera msinkhu, chodalira ndi tepi ya MUAC, yoyezera kunenepa kwa mkono, yomwe ili ndi mitundu itatu. Amayeza mkono wamanzere, pakati penipeni pa nsonga ya phewa ndi chigongono, mkonowo utalendewera. Osafika mamilimita 115 ndi pofiira, kutanthauza wonyentchera kwambiri, 115 mpaka 124 ndi pachikasu, 125 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Tepi ikakokedwa kwambiri, mwana wa pachikasu amagwera pofiira n'kudya katoni ya mnzake. Ikalekereredwa, wa pofiira amabwezedwa kunyumba. Kenako pali kutupikana: wazaumoyo amadina ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala timaenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ndi wodwala kwambiri ngakhale mkono ukhale pobiriwira. Khanda losafika miyezi 6 silipatsidwa chiponde m'pang'ono pomwe. Thandizo lake ndi kubwezeretsa kuyamwa ndi kudyetsa mayi wake.

Pali sitepe imodzi imene imadumphidwa kawirikawiri mzere ukatalika, koma ndi imene imalekanitsa wokadyera kunyumba ndi wofunika kugonekedwa. Uku ndi kuyesa ngati mwana ali ndi chilakolako cha chakudya. Mayi amasamba m'manja, kusambitsanso mwana, n'kukhala pamthunzi popanda phokoso, mwana ali pamiyendo. Paketi imang'ambidwa pakona, kapu ya madzi abwino ili pambali. Mayi amafinyira pang'ono pachala, kapena kumusiya mwana ayamwe pakonapo, akumunyengerera koma osamukakamiza. Pakatha theka la ola, mwina ola, wazaumoyo amakweza paketi ija n'kuona chimene chatsala. Mwana wa makilogalamu 7 mpaka 10 ayenera kukhala atadya gawo limodzi mwa magawo atatu a paketiyo, kapena kuposa. Wocheperapo thupi, gawo limodzi mwa anayi. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonyentchera silionetsa matenda mmene limaonetsera thupi labwino. Mwana akhoza kukhala ndi chibayo kapena tizilombo m'magazi koma osatentha thupi, ndipo chizindikiro chokha n'kukana kudya. Mwana wotere akapatsidwa mapaketi n'kubwezedwa, amakafera kunyumba mapaketiwo ali osatsegula. Komanso mwana amene wayenda mtunda wautali padzuwa, ali ndi ludzu ndi mantha, akhoza kukana pa chifukwa china. Ayambe wamwa madzi a shuga, mamililita 50 a madzi osungunulira magalamu 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse, apume, kenako ayesedwe.

Wolephera mayesowa, wotupikana thupi lonse, wosanza chilichonse, wopuma mofulumira, wolefuka kapena wokomoka, chiponde si poyambira pake. Amafunika mkaka wa F-75, wa makalori 75 pa mamililita 100, wochepa mapuloteni ndi mchere, womwetsedwa maola awiri kapena atatu aliwonse usana ndi usiku kwa masiku angapo. Mtima, chiwindi ndi impso za mwana wotere zinazolowera kugwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo chakudya champhamvu chikabwera mwadzidzidzi, michere ya m'magazi imasokonekera, mtima n'kulephera. Apa m'pamene pali malire oyamba a kapaketika. Kamadalira kuti penapake pafupi pakhale wodi ya ana yogwira ntchito. Ku El Fasher, likulu la North Darfur, chipatala cha South Hospital chinatsekedwa mu Juni 2024 chitalowereredwa ndi asilikali a RSF, ndipo patapita nthawi chinatsala ndi chipatala cha Saudi chokha, nachonso chikuphulitsidwa mobwerezabwereza. Makatoni achuluke bwanji, salowa m'malo mwa bedi ndi namwino wa usiku.

Kwa amene wadutsa mayeso, muyeso wake ukutengera kulemera. Malangizo a WHO a 2023 amati makalori 150 mpaka 185 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Mwana wa makilogalamu 7 ndiye kuti afunika makalori 1,050 mpaka 1,295, omwe ndi mapaketi awiri ndi theka patsiku, kapena 18 pasabata. Kuchulukitsa ndi masabata 8 ndi mapaketi 144, ndipo m'katoni mumakhala 150. N'chifukwa chake okonza mapulani amawerengera katoni imodzi pa mwana mmodzi. Pamodzi ndi chipondecho mwana amalandira amoxicillin ngakhale asaoneke wodwala, amayezedwa malungo, amabayidwa katemera wa chikuku ngati sanabayidwe, ndipo wopitirira chaka amapatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba pa ulendo wachiwiri. Mapiritsi a ayironi owonjezera safunika, chifukwa m'chipondemo muli kale. Amatuluka pa ndondomekoyi mkono ukafika mamilimita 125 ndipo padutsa masabata awiri opanda kutupikana. Muyezo wa Sphere umene mabungwe amadziyesera umati ochira aposere 75 pa 100 aliwonse, omwalira asafike 10, ndipo osiyira panjira asafike 15. Pamalo a mtendere ziwerengerozi zimakwanitsidwa mosavuta. Pamalo a nkhondo, chiwerengero chimene chimathawa msanga ndi cha osiyira panjira.

Pali njira yachidule imene bungwe lothandiza anthu la International Rescue Committee (IRC) linayesa ku Kenya ndi ku South Sudan, yotchedwa ComPAS: mapaketi awiri patsiku kwa mwana wa pofiira kapena wotupikana, paketi imodzi kwa wa pachikasu, osafuna sikelo kapena tebulo la miyeso. Kumalo ozingidwa ndi asilikali, kumene amene akugawa ndi munthu wodzipereka wophunzitsidwa masiku ochepa, ife tikuona kuti imeneyi ndiye yanzeru. Vuto lake ndi la mwana wamkuluko. Wa makilogalamu 10 akalandira makalori 1,000 ndiye kuti wapeza 100 okha pa kilogalamu, ndipo ngati kunyumba kulibe china chowonjezera amachira mochedwa.

Kadyedwe kake kunyumba kali ndi tinthu ting'onoting'ono tofunika kumuonetsa mayi ndi manja, osangomuuza. Paketi iyambe yakanyidwa isanatsegulidwe, chifukwa kukatentha mafuta amayandama pamwamba, phala lolimba n'kutsalira pansi. Ikatsegulidwa osakanya, mwana amayamba ndi mafuta okhaokha, mwina n'kusanza, kenako chotsalacho chimakhala chouma chosamezeka. Woyamwa ayambe wayamwa. Chiponde chiperekedwe pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu patsiku, chisanabwere chakudya china chilichonse. Chisasungunulidwe ndi madzi, chifukwa chikangolowa madzi ubwino wake uja watha, tizilombo timayamba kuswana. Chikathiridwa mumphika wa phala, chasanduka chakudya cha banja lonse. Paketi yotsegula ipindidwe kukamwa, isungidwe kutali ndi ntchentche ndi nyerere, ndipo ithe pasanathe maola 24. Kukoma kwake n'kotsekemera kwambiri, kamchere pang'ono, ndipo chimamata kukamwa. Ana ambiri amachikonda, koma wa miyezi 6 kapena 7 amene sanazolowere chakudya cholimba amavutika nacho masiku oyamba, ndipo ena okulirapo chimawakola pofika sabata yachinayi kapena yachisanu.

Kumata kukamwako kuli ndi zotsatira zake. Paketi sifuna madzi, koma mwana wodya paketiyo amamva ludzu kwambiri, ndipo amamwa madzi amene alipo. Boma la Sudan linalengeza za mliri wa kolera mu Ogasiti 2024, ndipo mu 2025 matendawa anafika m'tawuni ya Tawila ku North Darfur, kumene anthu zikwi mazanamazana othawa kumsasa wa Zamzam ndi ku El Fasher anaunjikana. Mwana akhoza kukwera magalamu mazana angapo m'masabata awiri, n'kuwataya onse m'masiku atatu otsegula m'mimba. Malo ogawira chiponde opanda sopo, mankhwala othira m'madzi ndi chigubu chotsekeka amangothandiza theka. Pamenepa wopanga alibe mlandu, koma aliyense woitanitsa makatoni aziwerengera zinthuzi pa oda yomweyo.

Chofooka chimene aliyense wogwira ntchitoyi amachidziwa ndi kugawana. Kapaketika kanakonzedwa poganiza kuti m'nyumba muli mwana mmodzi wodwala ndipo ena onse akudya. Kumalo a njala yeniyeni maganizo amenewa sagwira. Tiwerengere banja la anthu 6. Pa muyeso wa mabungwe wa makalori 2,100 pa munthu patsiku, banjali lifunika makalori 88,200 pasabata. Mapaketi 18 a mwana wodwala ndi makalori 9,000, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi. Akagawana, palibe amene wakhuta, ndipo wodwalayo sachira. Koma ndani angamuuze mayi kuti adyetse mmodzi ena anayi akuyang'ana? Ku El Fasher pa nthawi imene mzindawo unazingidwa ndi RSF, anthu anafika podya ambaz, zotsalira za mtedza akafinya mafuta, zomwe ndi chakudya cha ziweto, mpaka nazonso zinakwera mtengo n'kusowa. M'nyumba yotere paketi ya chiponde siingakhale ya mwana mmodzi. Ena amagulitsa mapaketi angapo pamsika kuti agule mapira odyetsa onse, ndipo powerengera makalori pa ndalama, nthawi zina amakhala atachita masamu olondola.

Mabungwe ena amafuna kuti mayi abweze mapaketi opanda kanthu asanalandire ena. Izi zimachepetsa kugulitsa koma sizichepetsa kugawana, chifukwa paketi yodyedwa ndi ana anayi imabwera yopanda kanthu chimodzimodzi. Chimene chimathandizadi ndi chakudya cha banja lonse choperekedwa limodzi: mapira, nyemba kapena mphodza, mafuta ndi mchere, kapena khitchini ya m'dera. Ku Sudan makhitchini otere, omwe eni ake amati takaya, ambiri amayendetsedwa ndi achinyamata odzipereka a magulu a Emergency Response Rooms, ndipo m'madera ena ndi okhawo amene amafika kumene malole a United Nations safika. Pomwe khitchini yotere ikuphika, chiponde chimafika m'mimba mwa mwini wake. Chizindikiro chakuti chikugawidwa n'chosavuta kuona pa khadi: mwana wodya bwino pa mayeso, wopanda matenda, koma sikelo ili pomwepo maulendo atatu otsatizana.

Tibwere pa katoni. Imalemera makilogalamu 13.8 osawerengera chikatonicho, ndipo mtengo wake kufakitale wakhala ukuzungulira madola 40 mpaka 50, osaphatikiza mayendedwe. Imasungika miyezi 24 ngati kutentha sikupitirira madigiri 30. Ku Darfur mu Epulo ndi Meyi kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo mkati mwa kontena kapena tenti yotsekedwa kumaposa pamenepo. Chiponde sichiola msanga, koma mafuta amalekana, mavitamini ena amachepa mphamvu, ndipo chikakhalitsa chimayamba kafungo ka mafuta akale kamene ana amakana. Katoniyo ndi imene ife sitikhutira nayo kwenikweni. Inapangidwira kontena, mapaleti ndi nyumba yosungiramo katundu ya simenti. Sinapangidwire kutsitsidwa ndi kukwezedwa pa chotchinga chilichonse cha asilikali, kunyowa ndi mvula pa lole yotitimira m'matope, kapena kumangidwa pamsana pa bulu ndi ngamila kukwera mapiri a Jebel Marra. Ikanyowa imafewa, ikasanjikizidwa kwambiri za pansi zimaphwanyika, mapaketi n'kuphulika m'mphepete momwe anamata. Paketi imodzi yophulika imapaka mafuta katoni yonse n'kuitana makoswe ndi nyerere. Wosunga katundu aike makatoni pa mapaleti kapena matabwa, atalikitse kukhoma, atsate malire a kusanjikiza olembedwa pakatoni, ndipo atulutse poyamba amene tsiku lake lotha ntchito lili pafupi, osati amene ali pafupi ndi chitseko. Katoni yokhala ndi banga la mafuta itsegulidwe pomwepo, mapaketi abwino apukutidwe n'kugawidwa msanga, otupa kapena obooka atayidwe. China n'chakuti pali m'bale wake, Plumpy'Sup, wa paketi ya mtundu wa lalanje, wa ana onyentchera pang'ono. M'nyumba yamdima, ndi antchito atsopano, awiriwa amasokonezedwa, mwana wa pofiira n'kupita ndi chosakwanira.

Zonsezi zili ndi pothawira. Chopanda pothawira ndi msewu. Nkhondo isanayambe, Sudan inkadzipangira yokha gawo lalikulu la chiponde chake pa fakitale ya Samil ku Khartoum, yomwe UNICEF inati inkapereka 60 peresenti ya RUTF yothandizira ana m'dzikomo. Mu Meyi 2023 fakitaleyo inapsa, pamodzi ndi makatoni 14,500 omwe ankadikira kunyamulidwa. Kuchokera pamenepo pafupifupi paketi iliyonse imachokera kunja. Njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Ina ndi ya padoko la Port Sudan, kumene boma linasamutsira maofesi ake nkhondo itayamba, pamodzi ndi bungwe lake lopereka zilolezo la HAC, kenako kudutsa dziko lonse ndi kuoloka mzere wa nkhondo. Inayo ndi ya padoko la Douala ku Cameroon, kudzera ku N'Djamena ndi Abéché m'dziko la Chad, mpaka pachipata cha Adré, m'malire a Chad ndi Sudan, pafupi ndi El Geneina. Mbali ya RSF nayo ili ndi bungwe lake la zilolezo, SARHO. Lole imodzi imafunika kuvomerezedwa uku ndi uku, kuwonjezera pa magulu ena amfuti a m'njira, ndipo chilolezo cha mbali imodzi chimatha ntchito cha mbali inayo chisanatuluke.

Mu Febuluwale 2024 boma linatseka chipata cha Adré ponena kuti pakudutsa zida za RSF. Chinatsala chipata cha Tine, kumpoto, chomwe nthawi ya mvula makwawa ake amasefukira, malole n'kuima masabata. Mu Febuluwale momwemo MSF inalengeza kuti mumsasa wa Zamzam, pafupi ndi El Fasher, mwana mmodzi ankamwalira maola awiri aliwonse. Pa 1 Ogasiti 2024 komiti younika za njala ya IPC, ndondomeko imene mabungwe amayezera kukula kwa njala, inatsimikiza kuti ku Zamzam, komwe kunali anthu pafupifupi 500,000, kuli njala ya mlingo wotsiriza. Adré inatsegulidwanso mwezi womwewo, poyamba kwa miyezi itatu yokha, mvula ili pachimake. Malole awiri a MSF anagwidwa ndi RSF ku Kabkabiya kwa masabata ambiri, ndipo kumapeto kwa Seputembala MSF inasiya kuthandiza ana 5,000 odyera kunyumba ku Zamzam, mwa iwo 2,900 onyentchera kwambiri, chifukwa katundu anatha. Malole oyamba a chakudya a WFP chitsimikizireni njalayo anafika mumsasamo mu Novembala. Mu Epulo 2025 RSF inalanda msasawo, anthu n'kubalalika, ambiri kulowera ku Tawila. Mu Juni 2025 mdipiti wa malole 15 a WFP ndi UNICEF, utayenda makilomita oposa 1,800 kuchokera ku Port Sudan, unaphulitsidwa pafupi ndi Al Koma usanafike ku El Fasher, ndipo anthu asanu anaphedwa. El Fasher inagwa m'manja mwa RSF pa 26 Okutobala 2025, ndipo mu Novembala IPC inatsimikiza njala ku El Fasher ndi ku Kadugli, mzinda wa ku South Kordofan. Chigamulo nambala 2417 cha Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, cha mu 2018 chimaletsa kugwiritsa ntchito njala ngati chida cha nkhondo, ndipo cha 2736 cha mu Juni 2024 chinalamula kuti kuzinga El Fasher kuthe. Zonse ziwiri sizinadutsitse lole.

Katundu wake mwiniyo si wochuluka moti n'kulephereka. UNICEF yakhala ikuyerekeza kuti ana onyentchera kwambiri ku Sudan amaposa 700,000 pachaka. Pa katoni imodzi mwana aliyense, ndi matani pafupifupi 9,700, ndipo lole iliyonse itanyamula matani 25, ndi malole osafika 400 chaka chonse, dziko lonse. Chovuta n'chakuti afike motsatizana. Chakudya wamba chikachedwa mwezi umodzi, anthu amavutika koma chikafika chimagwirabe ntchito. Chiponde chikaduka pa sabata yachitatu, mwana amakhala atayamba kudzaza masaya koma chitetezo cha m'thupi chisanabwerere. Amabwerera pofiira m'masabata ochepa, mapaketi 50 amene anadya aja apita pachabe, ndipo akadzabweranso ayambira pa chiyambi. Mayi amene wayenda maola ambiri kawiri n'kupeza pamalo potseka kapena popanda katundu, ulendo wachitatu sabwera, ndipo m'kaundula amalembedwa kuti anasiyira panjira ngati kuti anachita kufuna.

Ndalama nazo zimadula mzerewu. UNICEF ndi imene imagula gawo lalikulu la RUTF ya padziko lonse, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo boma la America linali wopereka ndalama wamkulu. Kumayambiriro kwa 2025, boma limenelo litaimitsa thandizo lakunja, makontirakiti a mafakitale a Edesia ndi MANA Nutrition ku America anathetsedwa kenako n'kubwezeretsedwa, ndipo makhitchini ambiri a m'madera ku Sudan anatseka. Kusokonekera kwa masabata ochepa kufakitale kumadzaonekera patatha miyezi, pa shelefu yopanda kanthu.

Pomwe pali chiopsezo chakuti msewu utsekeka, pali zinthu zingapo zimene zimachepetsa kuwonongeka. Kugawa kwa sabata iliyonse kusinthidwe kukhala kwa masabata awiri kapena anayi, ngakhale izi zimawonjezera kugawana, chifukwa mwana wothawa ndi mapaketi 60 m'thumba ali bwino kuposa amene katoni yake yatsala m'nyumba yolandidwa. Amayi apatsidwe tepi ya MUAC n'kuphunzitsidwa kuyeza okha, ndi khadi la mwana loti akalionetse kulikonse kumene akafike. Katundu asaunjikidwe malo amodzi. Mu Disembala 2023 nyumba yosungiramo katundu ya WFP ku Wad Madani inaberedwa matani oposa 2,500 a chakudya nthawi imodzi, mzindawo utalandidwa. Makatoni akayamba kuchepa, ndi bwino kumaliza ana amene ayamba kale ndi kulandira atsopano a pofiira ndi otupikana okha, kusiyana ndi kuchepetsera aliyense muyeso mpaka pomwe palibe wochira. Chigamulo chimenechi n'chowawa, ndipo chipangidwe kutatsala katundu wa masabata 6, osati wa masiku atatu.

Ndipo oda isadikire kulengezedwa kwa njala. IPC imatsimikiza njala pokhapokha mabanja 20 pa 100 aliwonse akusoweratu chakudya, ana 30 pa 100 anyentchera, ndipo anthu awiri pa 10,000 aliwonse akumwalira tsiku lililonse. Ziwerengero zimenezi zimafuna kuti ofufuza afike pamalopo, pamene nkhondo imawatsekereza, ndipo mu Disembala 2024 boma la Sudan linaimitsa mgwirizano wake ndi IPC. Pofika tsiku lolengeza, ana amakhala akhala akumwalira kwa miyezi. Choyenera kuyang'ana ndi chiwerengero cha ana a pofiira amene akubwera sabata ndi sabata, mtengo wa mapira pamsika, ndi kalendala ya mvula. Ku Darfur mvula imagwa kuyambira Juni mpaka Okutobala, nyengo yomweyo imene nkhokwe zimakhala zitatha ndipo malungo ndi kutsegula m'mimba zili pachimake. Katoni yofunika ku Tawila mu Ogasiti iyenera kukhala itaoloka pa Adré Meyi asanathe, kutanthauza kuti ndalama zake zipezeke ndipo fakitale ilandire oda chaka chikangoyamba, pamodzi ndi amoxicillin, F-75, sopo ndi matepi a MUAC pa lole yomweyo.